Ndigule trainer kapena ndizingopirira chisanu cha Dedza pamsewu?

aMbewe a pa Boma:
Moni nonse. Ma admin pepani, nkhaniyi ndi yotalikirapo, koma ndikufuna maganizo a anthu opalasa njinga, makamaka a kuno kumtunda.

Ndimakhala pa boma la Dedza, ntchito yanga ndi ya muofesi, kulowa 7:30 kuweruka 4:30. Njinga yanga ndi ya matayala owonda, ya kaunjika koma yolimba. Nyengo yotentha ndimapalasa m'mamawa ndisanapite kuntchito: kulowa M1, kulunjika ku Bembeke kapena mbali ya Chimbiya, n'kubwerako. Chilowereni June zandivuta. 6 koloko ikumakwana kusanayere bwino, masiku ena chifunga chikumagona pamsewu mpaka nthawi yantchito itakwana. Madzulo ndikaweruka ndimatsala ndi ola limodzi lokha, ikamati 5:30 mdima wayamba. Pamtsetse zala zimachita dzanzi, buleki osayimva n'komwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mu September ndikufuna kupalasa kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndi makilomita pafupifupi 85 kupita kokha, ndipo pobwerera ndi chikweza, poti tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamene Lilongwe ili cha m'ma 1,050. Ndikakhala miyezi iwiri osapalasa ndiye kuti ulendowo wafa.

Tsono munthu wina ku Lilongwe akugulitsa trainer yogwiritsidwapo kale, ija yomangirira tayala la kumbuyo n'kumapalasa uli m'nyumba. Mtengo wake ndikhoza kugulira matayala awiri abwino ndi tcheni chatsopano. Ndigule? Kapena ndalamayo ndigulire zovala zofunda ndi nyali, ndizipitabe kunja? Amene munaigwiritsapo, mphamvu zake zimafanana ndi za pamsewu? Ndimakhala nyumba ya lendi yogundizana ndi anzanga, ndiye ndikufunanso kudziwa za phokoso.

Kabaza wa pa Lizulu:
Bwana, mukufuna kulipira ndalama kuti njinga isayende? Ife 4 koloko m'mawa timakhala tamanga kale matumba a kachewere pa keliyala, chifunga chomwecho, chisanu chomwecho. Bwerani ndikubwerekeni thumba limodzi, mukafika nalo pa Mlangeni mphamvu za ku Lilongwe mwazipeza.

aMbewe a pa Boma:
Kkkk achimwene ndakumvani, ulemu wanu. Koma inu mumayenda m'mbali pang'onopang'ono ndi matayala onenepa, lole ikabwera mumatsikira kufumbi. Yangayi ikangotuluka pa tara ndagwa.

aNgozo:
Malume a kabazawo akuseka, koma mwawayankha bwino, ndipo yankho lanulo ndi pamene pagona nkhani. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndapalasa msewu umenewu kuyambira ndili mnyamata mpaka pano imvi zili mbuu. Mavuto mwatchula awiri ndipo mukuwaphatikiza. Kuzizira ndi vuto laling'ono, limatha ndi zovala. Chifunga ndi mdima pa M1 sizitha ndi zovala.

Taganizirani msewuwo. Ndi umene umalumikiza Lilongwe ndi Blantyre, komanso malole ochokera ku Mozambique amalowera pachipata cha Dedza n'kudzathira momwemo. M'malo ambiri m'mphepete mwa tara munadyeka, mulibe poti njinga ithawire. Dalaivala wa basi amene wayenda usiku akakuonani muli pa mamita ochepa kutsogolo kwake, ngakhale akhale waluso bwanji sangaimitse. Kanyali kofiira ka kumbuyo kamathandiza mumdima, koma m'chifunga cha pa Bembeke kamaoneka mochedwa. Ine ndinasiyiratu kulowa M1 chifunga chisanachoke, ndipo palibe ulendo wa September umene ungandibwezeremo.

Ndiye maganizo anga: pakati pa sabata palasani m'nyumba, Loweruka ndi Lamlungu tulukani dzuwa litakwera. Musasankhe chimodzi.

Nankhoma:
Ndigwirizane ndi bambo aNgozo. Ine ndine mayi, ndimakhala ku Dedza konkuno, trainer ndili nayo ndipo ndi imene imandipulumutsa June ndi July. Kwa ife amayi palinso china: kupalasa wekha kusanache, utavala zothina za panjinga, pamakhala mawu ambiri m'njira amene abambo simuwamva. M'nyumba ndimapalasa mtima uli m'malo.

Koma achimwene ndikuuzeni zoona, imatopetsa mutu. Mphindi 40 zimakhala ngati tsiku. Musayese kukhalapo maola atatu ngati muli pamsewu, mudzaida sabata yoyamba n'kuyamba kuyanikapo zovala. Ine ndimachita chonchi: mphindi 10 kupalasa mofewa kuti thupi litenthe, kenako mphindi 4 mwamphamvu mpaka kulephera kulankhula chiganizo chathunthu, mphindi 3 kupumira uku ndikupalasabe, kubwereza kanayi kapena kasanu, n'kumaliza mofewa. Ola lisanathe ndatsika. Pamsewu pamakhala mitsetse, mabampu, mbuzi, moni, miyendo imapuma osadziwa. Pa trainer ukangosiya kupalasa tayala laima, ndiye ntchito yake imakhala yothinana.

aMbewe a pa Boma:
Zikomo achemwali. Nanga phokoso? Khoma lathu ndi lopyapyala, oyandikana nawo ali ndi khanda.

Nankhoma:
Phokoso lilipo, osanama. Ndi kulira kwa tayala pa chitsulo chozungulira chija, ndipo kumakula ukathamanga. Yalani mphasa kapena kapeti yakale pansi, muike kutali ndi khoma la anzanuwo. Tayala likhale losalala. La mano ngati la njinga ya m'mapiri ndiye limadzutsa mudzi wonse. Ndipo kauzeni amake mwanayo nthawi imene muzipalasa, anthu amapirira phokoso limene auzidwiratu.

Mjoni wa pa Tsangano:
Ndinakhalako ku Johannesburg, kumeneko June kumazizira mpaka udzu kuyera, ndipo opalasa ambiri amalowa m'nyumba. Musanalipire dziwani kuti zinthuzi zili mitundu itatu. Pali yomangirira tayala, imene mukunenayo. Pali yochotseratu tayala la kumbuyo, tcheni n'kukoleka pa makinawo, monga Wahoo Kickr: ndi yachete koma yodula, ndipo zambiri zamtunduwu zimafuna magetsi. Pali ya migolo itatu yongoikapo njinga osamanga, imene imafuna luso chifukwa ukangoyang'ana kumbali wagwa. Kwathu kuno yoyambayo ndiyo yabwino, maka ya maginito, chifukwa magetsi akazima iyo ilibe nazo ntchito.

Za Zwift musazitengere. Ndi zosangalatsa kuthamangitsana ndi anthu a m'mayiko ena pa sikirini, koma amalipiritsa mwezi ndi mwezi ndi ndalama yakunja, kuphatikiza bandulo ya intaneti. Wotchi ya pafoni ndi wailesi zikukwanirani.

Zinthu ziwiri zimene ogulitsa satchula. Choyamba, imadya tayala. Chitsulo chija chimatenthetsa mphira, pakati pa tayala pamaphwatalala msanga. Sungani tayala lakale la m'nyumba, labwino muziika potuluka. Chachiwiri ndi thukuta. Lili ndi mchere, limadontha pa handulo, pa mabawuti, pa fulemu, ndipo limabweretsa dzimbiri pansi pa tepi pomwe simukuona. Yalani thaulo pamwamba, mukatsika pukutani.

Wowotcherera pa Kampepuza:
Osataya ndalama akuluakulu. Tumizani chithunzi, ndikupangirani ndi zitsulo za paipi ndi mabelingi, theka la mtengo.

Mjoni wa pa Tsangano:
Amwene choimikira mukhoza kupanga, sindikukana luso lanu. Koma chimene munthu amagula pa trainer ndi kulemera kumene imapereka popalasa. Tayala likangolendewera m'malere limazungulira lopanda katundu, miyendo siphunzira kanthu. Mukapeza njira yoikira maginito kapena chokupizira mphepo choti chizilemeretsa, ndiye tikambirane, inenso ndigula.

Wowotcherera pa Kampepuza:
Chokupizira ndi nkhani yaing'ono. Mundipatse sabata.

Namwino wa ku Linthipe:
Pepani ndilowererepo, sindipalasa njinga koma pali chimene chandiopsa pamene mukukamba zopalasa m'nyumba nyengo ino. Chonde bambo, musayerekeze kulowetsa mbaula m'chipinda chimene mukupalasiramo, ngakhale kuzizire motani. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, suoneka, ndipo umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200. Munthu wopalasa amapuma mofulumira, ndiye amaukoka wambiri m'kanthawi kochepa. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe inu mudzaziyesa kutopa kwa masewera. Nyengo yozizira iliyonse timamva za anthu opezeka atakomoka kapena atamwalira m'nyumba zotseka chifukwa cha mbaula. Zenera likhale lotsegula.

China, mukakhala ndi chifuwa chotsikira m'mapapo kapena thupi likutentha, pumani kaye, kaya m'nyumba kaya kunja.

Nankhoma:
Amayi anena zoona, ndipo mbaula simudzaifuna n'komwe. Pa mphamvu zimene thupi limawotcha popalasa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi limene limapita ku mapedulo, zotsalazo zimasanduka kutentha. Pamsewu mphepo imachotsa. M'nyumba mulibe mphepo, mphindi 10 zokha juzi mwavula. Ine ndimapalasira pakhonde la kuseri, July yemweyu, ndipo thukuta limachita kuyenderera. Botolo la madzi likhale pafupi.

aNgozo:
Ndibwerenso pa za Loweruka, chifukwa ulendo wanu wa ku Lilongwe sudzatheka ndi trainer yokha. Miyendo ndi mapapo idzakusungirani, koma pali zina zimene sizingaphunziridwe pakhonde: kukhala pa chishalo maola asanu kapena asanu ndi limodzi, khosi ndi msana kuzolowera, kudya uli panjinga, kulimbana ndi mphepo ya m'maso, kukhota pamtsetse. Zimenezi ndi za pamsewu basi.

Ndipo inu a ku Dedza muli ndi mwayi umene simuugwiritsa ntchito. Nyamukani cha m'ma 9 chifunga chitabalalika, mudutse Bembeke, mukakhotere pa Masasa kutsikira ku Golomoti, msewu wa Khwekhwelere uja. Mumatsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo mpweya umafunda ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 alionse amene watsika. Kumtunda anthu akuwotha dzuwa atafunda zitenje, inu kumunsi mwavula jekete. Mukamwa tiyi pa Golomoti n'kutembenuka, chikweza chimenecho chikupatsani zonse zimene mukufuna pa September. Ngati tsiku lina mphamvu zilipo, pitirirani pa M5 mpaka ku Mua, koma muwerenge nthawi kuti mdima usakupezeni pa mapiri.

Chenjezo langa lili potsika. Makona ake ndi akuthwa, ndipo potsika ndi pamene chisanu chimaluma chifukwa simukupalasa. Kukakhala madigiri 8 inu n'kumatsika pa liwiro la makilomita 40 pa ola, thupi limamva ngati ndi madigiri 3. Magolovesi a zala zonse ndi ofunika kuposa jekete yodula. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuti muzivula chimodzichimodzi, ndipo chogunda khungu chisakhale cha thonje chifukwa chikanyowa ndi thukuta chimazizira. Pachifuwa lowetsani nyuzipepala yakale, ochita mpikisano ku Ulaya akhala akuchita zimenezi potsika mapiri kuyambira kale. Mukafika kumunsi mwaichotsa. Kansalu kophimba makutu pansi pa helemeti. Zonsezi pa kaunjika zimapezeka.

Tsiku la chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi mitambo yogona paphiri tsiku lonse, musatsike. Tara imaterera, mabuleki a pa limu amachedwa kugwira. Limenelo ndi tsiku la trainer ngakhale likhale Loweruka.

Mphunzitsi wa ku Chongoni:
Njira ina yosalira ndalama: ngati mungabwereke njinga ya matayala onenepa, madzulo mukaweruka kwerani msewu wa fumbi wopita pamwamba pa phiri la Dedza. Mulibe malole, chikweza chake n'chokwanira, nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,200 koma simuyenera kukafika. Mphindi 30 kukwera, n'kutsika kusanade. Kungoti musapite nokha.

Kabaza wa pa Lizulu:
Ndawerenga zonse. Pa za chifunga bambo aNgozo sananame, ifenso anzathu ena anapita pamsewu womwewu m'mamawa. Ife timalowamo chifukwa ana adye. Inu amene simukukakamizika, khalani pakhonde mpaka kuyere. Koma thumba lija likudikirabe.

aMbewe a pa Boma:
Zikomo nonse, amayi a ku Linthipe mbaula ikhala kukhitchini. Ndaganiza zoigula, koma ndimunenerera wogulitsayo kuti patsale ya magolovesi. Lachiwiri ndi Lachinayi pakhonde, Loweruka ku Golomoti. Bambo aNgozo, ngati mungalole tidzakumane pa Masasa Loweruka lina mundionetse makona amenewo.

Funso lomaliza kwa achimwene a pa Tsangano: ndikapita kukaiona ndikayang'ane chiyani?

Mjoni wa pa Tsangano:
Pitani ndi njinga yanu, musagule pa chithunzi. Muimange pomwepo mupalase mphindi zisanu. Onani ngati chitsulo chozungulira chilibe mzere wodyeka pakati, ngati mabelingi sakulira, ndiponso ngati kachingwe kosinthira kulemera kakugwira. Ikakhala ya mafuta m'kati, yang'anani pansi ngati sikudontha. Funsani ngati ikulandira tayala la 700c, saizi ya njinga za matayala owonda. Ndipo akupatseni kamtengo kachitsulo kolowa pa habu ya kumbuyo kamene kamabwera ndi trainer, chifukwa kanu ngati kali ndi mitu ya pulasitiki sikakhala bwino m'zomangira zake. Pansi pa tayala la kutsogolo mudzaika thabwa kuti njinga isaweramire.

aNgozo:
Pa Masasa 10 koloko, Loweruka la mawa lino ayi ndili ndi maliro kumudzi, linalo. Mubwere ndi machubu awiri ndi pampu.