Ndithandizeni nyimbo zoti ndiwaikire adadi mu memori, makaseti awo anaonongeka

Abale muli bwanji pa gulu pano. A admin chonde mundilole, positi yatalika koma ndasowa kofunsa.

Adadi anga ali ndi zaka 73, anadwala sitiroko mwezi wa February, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira bwino komanso kuyankhula kunavuta, amatulutsa mawu awiri atatu basi kenako amakwiya okha poti zomwe akufuna kunena sizikutuluka. Tinakawatenga kumudzi, pano akukhala ndi ine kuno ku Chirimba. Tsiku lonse amangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Ndiye Lamulungu lapitali ine ndikusita mkati, pa wailesi anaika nyimbo ya Jim Reeves ija ya This World Is Not My Home, ndinangomva munthu akuyimba chapansipansi pakhonde. Ndinasiya simbi pamalaya ndikutuluka. Anali adadi, maso ali chotseka, akutsatira nyimbo ija ndi mawu omveka bwinobwino achizungu, munthu woti dzina langa lomwe likuwakanika kutchula. Ndinaima pakhomo mpaka nyimbo inatha.

Iwowa anali dalaivala wa mathiraki, Blantyre kupita ku Harare kudzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, nthawi zina mpaka ku Joni. Makaseti anali nawo chikatoni chodzadza, ena ankagula kwa OG Issa ku Limbe ena ankabwera nawo kuulendo. Koma nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 denga la kumudzi linadontha, katoni inanyowa, makaseti anachita chuku ndipo zikuto zinamatana zithunzi kufufutika. Chomwe chikuoneka ndi zomwe ankalemba okha ndi bolopeni pa kaseti penipenipo: Don, Jimu 2, Soja, Tuku, Namoko, ina yangolembedwa Tete, ndiye pali ina analemba kuti ya Nabanda. Nabanda ndi mayi anga, anatisiya mu 2019.

Ndinapita kwa mnyamata wobena nyimbo kumsika ndikumuuza kuti andiikire za makedzana za achikulire, anangondidzadzira amapiano ndi za ku Nigeria, za Don zomwe anaika ndi munthu wina akuyimba pa kiyibodi. Adadi anaikankha wailesi ndi dzanja lamanzere. Ndiye ndikufuna ndipite ndi mayina enieni a nyimbo ndi zimbale olemba papepala. Ine ndinabadwa mu 1991, mayimbidwe ndimawakumbukira koma mayina ayi.

China chomwe chikundisowetsa tulo ndi kaseti ya amayi ija. Ndimakumbukira kuti munali mzimayi wa mawu ang'onoang'ono akuthwa, amayi ankayimba nawo pochapa, ndipo anandiuzapo kuti nyimbo ina imakamba za mayi wosauka amene anasokera mwana wake jekete ya zigamba. Achimwene anga akuti ndisayerekeze kuwaikira zimenezo, BP ikwera tiwataya. Ine mtima ukundiuza zina. Munakakhala inu munakatani?

Achikulire a ku Mpemba:
Mwananga pepa ndi matendawa. Don ameneyo ndi Don Williams, palibenso wina. Lemba izi: You're My Best Friend, I Believe in You, Some Broken Hearts Never Mend, Tulsa Time. Ifeyo a msinkhu wa bambo akowo munthu ameneyu tinkamukonda chifukwa sakuwa, amayimba ngati akukulangiza muli awiri pamkeka, ndipo madalaivala ankamukonda zedi usiku pamsewu wautali. Anabwerapo ku Harare kudzayimba mu 1997, mwinanso bambo akowo nkhani yake anaimva konko. Anamwalira mu 2017. Tsono ya Jim Reeves imene yawayimbitsayo ili mu chimbale cha We Thank Thee, usatenge imodzi yokhayo tenga chimbale chonse, ndi nyimbo zauzimu zokhazokha, muli Take My Hand Precious Lord komanso Across the Bridge. Poti pa kasetipo alemba Jimu 2 ndiye kuti panali ina yoyamba, ndiganiza inali ya zachikondi monga He'll Have to Go ndi Welcome to My World. Bamboyu anafa pa ngozi ya ndege mu 1964 ife tili ana, koma wailesi ya MBC inatilera ndi mawu ake.

Mwini positi:
Zikomo kwambiri agogo, ndalemba zonse. You're My Best Friend ndaipeza pa YouTube ndipo ndi yomweyo ankaika Loweruka akamatsuka nsapato.

Nagama:
Asisi mzimayi mukunenayo ndi Dolly Parton, nyimbo ya jekete ya zigambayo ndi Coat of Many Colors ya 1971, imakamba za ubwana wake weniweni. Ngati kasetiyo inali ya nyimbo zake zotchuka ndiye munalinso Jolene ndi I Will Always Love You. Iyi yomalizayi musalole akuikireni ya Whitney Houston, ija ndi yobwereza ya 1992, mwini wake analemba ndikuyamba kuyimba ndi Dolly ndipo yake ndi yodekha. Pali ina anayimba ndi Kenny Rogers, Islands in the Stream, makolo ambiri ankavina imeneyi pamaukwati.

Mnyamata wa ku Balaka:
Soja ndi Lucius Banda wathu, mzimu wake uuse mumtendere, anatisiya pa 30 June 2024. Kwa madala a zaka zimenezo musavutike ndi zimbale zakumapeto, yambani ndi Son of a Poor Man chimene muli Mabala, kenako Down Babylon ndi Cease Fire. Zimenezo ndi zomwe zinkalira m'mabasi ndi m'mathiraki nthawi imene dziko limasintha kulowa matipate. Muonjezerepo za akulu awo a Paul Banda ndi Alleluya, zimakhazika mtima pansi.

Che Jumbe kuno ku Joni:
Dalaivala wopita ku Joni opanda Lucky Dube sizingatheke asisi, mwina kasetiyo inangosowa. Slave ya 1987 ndi Prisoner ya 1989 musazisiye. Kuno mpaka lero anthu akadandaulabe mmene anamuphera mu 2007 ku Rosettenville ana ake akuona.

Mwini positi:
Eee zoona achimwene, Prisoner inalipo, anabwereka amalume osabweza. Ndaikumbukira mutatchula.

Naphiri wa ku Area 25:
Ine ndili mbali ya achimwene anuwo. Amayi anga atamwalira, bambo anga anali bwinobwino mpaka tsiku lina pa wailesi panalira nyimbo imene ankaikonda awiriwo, analowa kuchipinda masiku awiri osadya, tinachita kuitana abusa. Ndipo iwowo ankatha kuyankhula, nanga anuwo oti sangathe kukuuzani kuti zimitsa zikundipweteka? Aikireni za Don ndi za Mulunguzo basi. Komanso pa Tuku samalani, Oliver Mtukudzi nyimbo zake zimakoma koma ngati bambo anu amamva Chishona, ndipo poti ankagona ku Harare ayenera kuti amamva, Neria ndi yotonthoza mayi wamasiye ndipo Todii imakamba za Edzi. Chimbale cha Tuku Music cha 1999 ndi chabwino koma mumvere kaye nokha.

Mayi a mapasa:
Anaphiri ndikumva ululu wanu koma ndisiyana nanu pang'ono. Ine ndinadwazika apongozi anga aakazi zaka zitatu ndi matenda omwewa. Cholakwa chimene tinkachita tonse m'nyumba ndi kuwasankhira chilichonse, chakudya, zovala, ngakhale nkhani zoti amve, tinafika pobisa maliro a mng'ono wawo ati tikuwateteza, atadziwa anatikwiyira mwezi wathunthu. Munthu akasiya kuyankhula sikuti mutu wasiya kugwira ntchito. Bambo anuwo akazi awo akuwakumbukira kale tsiku ndi tsiku pakhondepo, nyimbo ilipo kapena palibe. Ndiye asisi afunseni eni ake. Khalani pafupi, atchulireni kuti iyi ndi ija ya amayi, ndiike? Agwedeza mutu kapena akana ndi dzanja. Akavomera ikani pang'ono muli pompo, osati kuwasiyira wailesi nkupita kuntchito. Akalira alire, mwina pamaliro paja sanalire mokwanira poti ankalimbitsa inuyo ana.

Naphiri wa ku Area 25:
Kuwafunsa kokhako ndavomera. Koma isakhale mu memori imodzi ndi zinazo, ingadzalire yokha usiku ali okha.

Mayi a mapasa:
Apo ndiye mwanena zoona, ikhale pa foni ya asisiwa.

Wa zamanja ku Ndirande:
Kumbali ya wailesi, musaike nyimbo 500 ayi. Timawailesi ta memori tija timangoyimba motsatana, kuti afike pa nyimbo imene akuifuna adina batani mpaka atopa, ndi dzanja lamanzerenso. Gulani mamemori ang'onoang'ono atatu, ina ya azungu, ina ya kwathu kuno, ina yauzimu, iliyonse nyimbo 20 kapena 30, muzimate tepi ya mtundu wosiyana kuti azingoloza. Ndipo makasetiwo musataye. Ngati ali a masikuluwu amatseguka, tepi ikakhala kuti sinamatane imasamutsidwa kupita mu chikhokho china nkulira ndithu, mumangoizunguza kaye ndi bolopeni pang'onopang'ono kuona ngati ikuyenda. Ngakhale atakanika kulira apatseni aziwagwira, zolemba zawozo azizindikira.

Aphunzitsi opuma, Thyolo:
Ndakondwa kuona dzina la Namoko pa makasetiwo. Allan Namoko anali wa kwathu kuno, wosaona, woyimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Funsani Lameck ndi Ana Osiidwa. Zojambula zake mawu ake ndi akale, zina zimachita phokoso ngati mvula padenga la malata, koma musasinthanitse ndi zobwereza za anyamata a masiku ano, khutu la bambo anu likufuna banjo yomweyo. Munthu wokonda Namoko sangadane ndi Daniel Kachamba kapena Robert Fumulani a ku Chileka. Giddes Chalamanda nayenso muikepo, Linny Hoo ija achinyamata anaidziwa atayimba ndi Patience Namadingo mu 2020 koma ife tinaivina kale kwambiri, ngati mungapeze yakale ya gitala yokha ndi bwino.

Mlongo wanu wa ku Zomba:
Ine ndimagwira ntchito yothandiza odwala oterewa. Zimene mwaonazo zimachitika ndithu, ena amene sitiroko yawagwira mbali yakumanja nkuvutika kuyankhula amatha kuyimba nyimbo zimene anazidziwa kalekale. Kawauzeni amene akuwapangitsa mafizo kuti amayimba, akuuzani mmene mungazigwiritsire ntchito. Muziyimba nawo limodzi, osangowasiyira wailesi. Koma mankhwala a BP ndi masiku a kuchipatala zisadumphe chifukwa choti aoneka osangalala. Ngati achimwene anu akuopa za BP, ayezeni musanaike nyimboyo ndi pambuyo pake, mukhale ndi manambala owaonetsa.

Mnyamata wa ku Balaka:
Matafale bwanji, Kuyimba 1 ndi Kuyimba 2? Watsetsereka madala ambiri amaikonda.

Mwini positi:
Evison Matafale ankamvera ndi achimwene, adadi sindinawaonepo. Ndiwayesa kaye.

Mwini positi:
Abale ndabweranso, Mulungu akudalitseni nonse. Ndinapita ndi pepala kwa mnyamata wina, tinakhala limodzi kumvera iliyonse isanalowe, ndagula mamemori awiri kaye ndalama inachepa. Ya azungu ndamata tepi yofiira, ya kwathu yakuda. Dzulo madzulo Lameck italira adadi anayamba kumenya chidendene chakumanzere pansi mpaka silipasi inavuka, mwana wanga anawaveka akumenyabe. Za Lucius anamvera Mabala yonse ali duu, Down Babylon anakodola kuti ndikweze. Matafale anapukusa mutu, ndamuchotsa.

Ya amayi ndachita monga ananenera Mayi a mapasa. Ndinawapatsa kaseti ija m'manja, anaiyang'ana nthawi yaitali akusisita pomwe analemba dzina ndi chala chachikulu. Ndinawafunsa kuti ndiike, sanayankhe, ndinadikira, kenako analoza foni. Coat of Many Colors itafika pakati misozi inayamba, nanenso ndinalephera kudzigwira, ndinafuna kuzimitsa anandigwira mkono. Itatha ndinati ndiike Jolene anakana, anaika kaseti ija m'thumba la shati ndipo anagona nayo momwemo. BP ndinawayeza kawiri, sinasinthe kwenikweni. Achimwene ndawauza pafoni sanasangalale, akuti abwera Loweruka adzaone okha, ndiye mutipempherere tisakangane pamaso pa adadi.

Yatsala ndi ija yolembedwa Tete. Wa zamanja ndaizunguza ndi bolopeni ikuyenda koma ndilibe choyimbira makaseti, ndawafunsa adadi ngati ndi Chipwitikizi apukusa mutu, ngati ndi rumba apukusanso, kenako anakwiya ndinasiya. Amene munayendapo njira ya Mwanza mpaka Nyamapanda zaka za m'ma 90, m'malo omwe madalaivala ankagona ku Tete kunkalira nyimbo za ndani? Komanso ngati alipo kuno ku Blantyre ali ndi wailesi ya kaseti yogwira ntchito andibwereke tsiku limodzi, ndibwera ndekha kudzatenga.