Nsomba zafa pa damu lathu

Mlembi: Abale mwadzuka bwanji. Nkhani sili bwino, alonda andiimbira kuti nsomba zafa pa damu lathu lija, zangoti mbwee pamwamba pa madzi. Akuti cha m'ma 5 koloko m'mamawa zinali zikuyasama kukamwa pamwamba, pomwe dzuwa limatuluka zambiri zinali zitatembenuka kale

Achemwali: Mayo ine!! ameneyo ndi munthu wathiramo mankhwala basi, nsanje anthu akwathu

Msungichuma: Ine ndinanena kuti mlonda mmodzi sakwana

Aphunzitsi: Tadekhani kaye. Alembi tawafunsani alondawo, madzi akuoneka bwanji? Nanga milamba ndi achule zafanso?

Mlembi: Akuti madzi ndi obiriwira kwambiri, ukaviika dzanja silikuoneka. Milamba ili moyo, achule aliponso, zafa kwambiri ndi zikuluzikulu zija. Masiku apitawa kunali mitambo koma kotentha, mphepo kunalibe

Aphunzitsi: Ndiye musanamizire munthu, nsombazo zabanika. Akanakhala poizoni, mwina akanapha ndi achule omwe. Nsomba imapuma ngati ife, kungoti imatenga okosijeni, mpweya wopatsa moyo uja, amene wasungunuka m'madzi kudzera mu ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu. Okosijeniyo amapita m'magazi mpaka m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, kumeneko amakumana ndi shuga wochokera ku chakudya ndiye shuga uja amaphwanyika, kumatuluka mphamvu, madzi ndi carbon dioxide, mpweya woipa umene timatulutsa popuma. Mphamvu imeneyo ndi yomwe imagunditsa mtima ndi kuyendetsa minofu, ikasowa nyama iliyonse imafa. Vuto ndi loti mpweya womwe ife timapumawu okosijeni alimo 21 pa 100 aliwonse pomwe m'madzi ndi wochepetsetsa, lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 madziwo akakhala pa madigiri 25, akatentha kuposa apo amachepanso, chonsecho nsomba zikafundidwa ndi pomwe zimafuna wambiri

Achemwali: Koma aphunzitsi paja munatiuza nokha kuti madzi obiriwira ndi abwino, amati ndere zimatulutsa mpweya

Aphunzitsi: Zimatulutsa masana okha mai, kukakhala kuwala. Koma kupuma sizisiya, ndere ndi zamoyo nazonso zimadya okosijeni usana ndi usiku monga zomera zonse. Dzuwa likalowa palibenso wopanga, onse ndi odya okhaokha, nsomba, ndere, komanso mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene akuwoletsa manyowa ndi zakudya zotsala pansi paja. Nchifukwa chake nthawi yoopsa ndi m'bandakucha. Ndiye kukachita mitambo masiku otsatizana nderezo sizipanga wokwanira masana, usiku umapeza m'madzi muli kale mochepa. Milamba yapulumuka chifukwa ili ndi chiwalo china m'mutu chomwe chimatha kutenga mpweya wa kunja ikatulutsa kamwa pamwamba

Amalume: Zonsezo tamva. Funso langa ndi limodzi, pampu ili kuti? Tinasonkha ife kuti madzi adzithiridwa atsopano, mpaka lero pampuyo sindinaione ngakhale pa chithunzi

Msungichuma: Amalume nkhani imeneyo inatha pa msonkhano, ndalama zinapita ku mpanda ndipo komiti inavomereza

Amalume: Komiti yake iti, ya anthu awiri? Malisiti a mpandawo anaonetsedwa kwa ndani

Msungichuma: Inu zopereka za miyezi yapitayi simunamalize koma ndinu oyamba kulankhula

Achemwali: Komanso anyamata othira manyowa aja anasankhidwa bwanji, si abale a munthu mmodzi onsewo?

Wapampando: Chonde tilemekezane, pano pali akuluakulu

Aphunzitsi: Za manyowazo zikundiwawa ine chifukwa ndinalemba pompano kuti dzanja likasiya kuoneka musanafike m'chigongono siyani kuthira, palibe anayankha. Manyowa ochuluka ndiwo achulukitsa ndere, ndere zikafa mabakiteriya amachulukanso, onsewo akulimbirana okosijeni yemweyo ndi nsomba zathu. Ndipo zomwe zatsalazo zafooka, thupi likasowa okosijeni limayesa kuphwanya shuga popanda iye koma mphamvu yake ndi yochepa zedi, komanso asidi amadzadza m'minofu, sizingapirire usiku wina ngati wadzulowu. Lero musazipatse chakudya chifukwa kugaya kumafunanso okosijeni, zakufazo muzichotse zisawolere momwemo, mutsegule ngalande mulowe madzi atsopano, ndipo usiku pakhale anthu ovundula madzi ndi ndowa kuyambira pakati pa usiku mpaka kuche

Mlembi: Ngalande ija inatsekeka ndi matope kalekale aphunzitsi

Amalume: Mwaona? Ndiye pampu ikanakhalapo bwenzi tikulira chonchi?

Wapampando: Tikambirana Loweruka, aliyense abwere

Amalume: Ine ndibwera pokhapokha buku la ndalama likhale patebulo

Aphunzitsi: Loweruka ndi kutali apampando, ndikufunsa za usiku wa lero. Ndani ali pafupi amene angapeze anyamata a makasu akatsegule ngalandeyo kusanade?

Msungichuma: Anyamatawo adzafuna kulipidwa, ndipo ine sinditulutsa kalikonse mpaka amalume abweze mawu awo