Mizere ya pakati pa matailosi a miyala yada bii, ndichite bwanji?

Nachisale47

Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru abale. Tinalowa m'nyumba ina ya lendi kuno ku Area 47 mwezi wa Meyi, kukhitchini ndi pakhonde landilodi anaika matailosi a miyala, osati a seramiki onyezimira aja ayi, awa ndi otuwirako ngati kirimu, ali ndi timaenje ting'onoting'ono ndipo ukaponda opanda nsapato amazizira bwino. Vuto ndi mizere ya pakati ija, grout. Pansi pa kabati pomwe sipafika phazi ikuoneka kuti poyamba inali yoyererako, koma pafupi ndi sitovu yada bii, pakhonde ndiye yafiira ngati tinachita kupaka katondo dala. Ndakolopa ndi sopo waufa, ndakolopa ndi Jik, mtsikana amene amandithandiza wakhula mpaka manja kuuma koma zikungooneka ngati sitikolopa. Apongozi anabwera sabata yatha anangoyang'ana pansi osayankhula kanthu, ine manyazi kugwa nawo.

Mnzanga wina anati ndithire mankhwala otsukira m'chimbudzi aja, ndinayesa pang'ono kuseri kwa filiji, mzere unayeradi koma tailosi yake inachita thovu ndipo pano pali chigamba chotuwa, ukapagwira pakhakhala. Ndiye ndaopa kupitiriza. Nyumba ndi ya eni ake ndipo dipoziti yanga ndikuifuna.

Wa_ku_Ndirande

Asisi zosavuta izi, soda wophikira therere yemweyu muthire m'mizeremo kenako viniga pamwamba, zimachita thovu fwaa, mukhule ndi mswachi wakale basi. Kwathu timapanga choncho ku bafa zimayera mbee.

MmisiriWaMatailosi

Ayi ayi achimwene a ku Ndirande, viniga pamenepa ayi chonde. Kwanu zimatheka chifukwa matailosi a ku bafa kwanu ndi a seramiki, pamwamba pake pali galasi, asidi sawalowa. Mayi awa afotokoza kale kuti tailosi inachita thovu itakhudzidwa ndi mankhwala a m'chimbudzi, ndiye yankho lili pomwepo. Mwala wa kirimu wa timaenje ngati umenewo nthawi zambiri ndi travertine, m'bale wake wa marble ndi limestone, yonseyi ndi miyala ya laimu. Asidi aliyense amaudya, kaya viniga, kaya mandimu, kaya Fanta watayikira pansi mwaiwala kupukuta. Mankhwala ambiri a m'chimbudzi muli hydrochloric acid, yemwe uja amisiri ena amatsukira simenti yotsalira pa njerwa, ndiye mukuona nokha. Thovu lija si kuyera ayi mayi, ndi mwala ukusungunuka. Ndipo mzere unayera chifukwa grout nayo ndi simenti, asidi anadya khungu lapamwamba limodzi ndi litsiro lake, mukabwereza kangapo imayamba kufumbutuka ngati mchenga.

Komanso soda ndi viniga mukaziphatikiza zimaphana zokha, chotsala ndi madzi amchere, chimene chimayeretsa pamenepo ndi mswachi uja ndi dzanja lanu.

Chigamba cha kuseri kwa filiji sichichoka ndi kutsuka, chimafuna kupalidwa ndi sandipepa wosalala kwambiri wa m'madzi kapena mapadi a dayamondi, koma poti chili kobisika ine ndingati chisiyeni kaye, mudzangomuuza landilodi mwaulemu.

Tsono za mizereyo. Choyamba tengani mpeni wobuntha kapena chikhadabo chomwe, mukande pang'ono mzere wa pakhonde. Chikatuluka chinthu chofewa ngati kandulo, chomata, ndiye kuti amene ankakhalamo kale ankapaka polishi wofiira wa pa simenti uja ndipo analowa m'mizere. Ndakumana nazo kambirimbiri, anthu anazolowera kuti khonde popanda polishi si khonde, ndiye amapaka ngakhale pa miyala. Polishi ndi phula, madzi ndi sopo sizimuchotsa, amafuna wax stripper, mankhwala ochotsera phula, wa ku hadiweya, muwerenge pa botolo kuti alembapo natural stone, kutanthauza miyala yachilengedwe. Koma chikatuluka fumbi louma ndiye ndi dothi lathu la Lilongwe lomweli lalowerera, pamenepo ndi nkhani ina.

AuntieWaKuJoni

Ndikuvomerezana ndi bambo mmisiri. Ine ndakhala ndikugwira ntchito za m'nyumba kuno ku Johannesburg zaka zambiri, nyumba zina khitchini yonse ndi travertine, ndipo abwana anga oyamba chinthu choyamba kundiuza chinali chakuti viniga asayandikire pansi.

Mwana wanga, kuda kwa pafupi ndi sitovu kuja ndi mafuta ophikira. Mukamakazinga nsomba kapena kukazinga tomato ndi anyezi timadontho timagwa pansi, fumbi limamatirira, kenako mopu ikubwera ndi madzi a sopo waufa kukankhira zonsezo m'mizere poti mzere ndi wotsika kuposa tailosi. Sopo waufa naye satsukuluzika bwino, amasiya kanthu komata pansi. Ndiye mukamakolopa kwambiri ndi ndowa imodzi yomweyo mpaka madzi kuda ngati tiyi, ndi pamene mizere ikuderanso. Jik sachotsa mafuta, iye ntchito yake ndi kupha nkhungu ndi majeremusi, ndiye munangotaya ndalama pamenepo.

Ine ndimapanga chonchi, ndipo musafune kumaliza khitchini yonse tsiku limodzi msana udzakupwetekani. Sesani kaye bwinobwino. Madzi otentha ndithu m'kabeseni, timadontho tochepa ta sopo wamadzi wotsukira mbale, muthire m'mizere ya matailosi anayi kapena asanu ndi limodzi basi, musiye mphindi 10 zinyowe. Anthu amalakwitsa pothamangira kukhula pouma. Kenako burashi ya nayiloni yolimbirako kapena mswachi, muzikhula motsatira mzere. Chinsinsi chili apa: madzi akuda amene atuluka aja muwapukute nthawi yomweyo ndi chinsanza chouma, thawulo lakale limachita bwino, musawasiye aume okha chifukwa abwerera momwe anachokera. Mutsukuluze ndi madzi oyera, mupukutenso.

Pomwe pakanika, soda uja yekha opanda viniga, mumupange phala ndi madzi pang'ono, kapena ndi hydrogen peroxide wa 3% amene amagulitsa ku famase otsukira zilonda uja. Mupake mu mzere mokha, mphindi 10 mpaka 15, mukhule, mutsukuluze kawiri. Pa mwala wa kirimu palibe vuto koma amene muli ndi miyala yakuda samalani peroxide amatha kuyeretsa mtundu, yesani pobisika kaye. Ndipo sitilu wulu kapena burashi ya waya ayi ndithu, imakanda mwala komanso tizidutswa take timatsalira m'timaenje tija nkuchita dzimbiri, ndiye mwadzipezera vuto lina lofiira.

Gwadirani pa pilo wakale, mawondo anga ine anaphunzira mochedwa.

Chikondi_BT

Ndingowonjezerapo kamodzi chifukwa ndaona mwatchula Jik komanso mankhwala a m'chimbudzi pa nkhani imodzi. Ziwirizi musadzaziphatikize, ngakhale kuthira china pomwe china sichinatsukuluzidwe. Zimatulutsa mpweya wa chlorine, ine ndinapangapo ku bafa chitseko chili chotseka ndimaganiza kuti ndikuwonjezera mphamvu, ndinatuluka ndikutsokomola misozi ili mbwembwembwe mpaka madzulo pakhosi pakuwawabe. Jik ndi viniga chimodzimodzi. Mumuuzenso mtsikana wanuyo, iwo ndi amene amakhala ndi mabotolowa tsiku lonse.

Nachisale47

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Loweruka tinagwada awiri ndi mtsikana uja monga ananenera auntie a ku Joni. Eee madzi amene amatuluka m'mizeremo ndinachita nseru, thawulo loyera linasanduka ngati tapukutira mbaula. Pafupi ndi sitovu tinabwereza katatu, kachitatu ndi phala la soda ndi peroxide, pano si yoyera ngati ya pansi pa kabati koma munthu utha kulandira alendo. Tinangofika theka la khitchini, ndiye pali malire ooneka bwino pakati penipeni, abambo akunyumba akuti zikuoneka ngati nyumba ziwiri.

Pakhonde ndinakanda ndi mpeni monga munanenera bambo mmisiri, mbali ya kukhomo kunatuluka phula lofiira ndithu, koma chakumapeto komwe kumafika mvula ndi fumbi chabe ndipo mzere wina ukuchoka wokha ngati mchenga, mpaka pali pena pabowoka. Pamenepo nditani? Ndipo pali njira yoti kukhitchini kusadenso msanga?

MmisiriWaMatailosi

Pomwe pakufumbutuka musavutike ndi kutsuka mayi, grout imeneyo yatha. Mwina anaisakaniza ndi madzi ambiri poika, mwina madzi a mvula akhala akulowa pansi. Gogodani matailosi a pamenepo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ikamalira ngati ng'oma yopanda kanthu ndiye kuti tailosi yasiya simenti yake pansi, imeneyo ndi ntchito ya landilodi mumuitane aone yekha dzinja lisanafike. Ikamalira molimba ndiye nkhani yaing'ono, kuli kachida kokhala ngati kasowo kakang'ono kochotsera grout, mumakumba yakaleyo mozama ndithu, osachepera mamilimita 3, kupaka yatsopano pamwamba pa yakale ngati mukupaka batala imasuwuka mwezi usanathe. Ndipo pakhonde musagulenso yoyera, tengani yabulawuni kapena yotuwa moderako. Kufiira kwa katondo kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, kukalowa mu simenti yoyera chimene chimakuchotsa bwino ndi asidi yemwe tikumukana uja, ndiye bola kungosankha mtundu wogwirizana ndi fumbi lanu.

Kukhitchini mukamaliza theka linalo musiye paume masiku awiri kapena atatu osakolopa, kenako mudonthezere madzi pang'ono pa mzere. Akalowa nkusiya banga lakuda ndiye kuti palibe sealer, mankhwala otchinga kuti madzi ndi litsiro zisalowe. Ku hadiweya mufunse penetrating sealer wa miyala, wolowa mkati, osati wonyezimira wokhala pamwamba ngati vanishi chifukwa ameneyo amadzasuwuka komanso amaterera pakanyowa. Mumapaka ndi kaburashi, wotsala pamwamba mupukute asanaume. Grout yatsopano ya pakhonde iyo idikire kaye iume bwino, masiku ake amalemba pa paketi. Risiti musunge, landilodi wanzeru amachotsera pa lendi.

AuntieWaKuJoni

Ndipo ndowa zikhale ziwiri mwana wanga, ina ya sopo ina yotsukuluzira mopu, mopuyo muzifinya kwambiri. Pakhomo ponyanipo chiguduli anthu azipukuta mapazi. Theka linalo mutiuze mukamaliza, koma abambo akunyumbawo nawonso apatseni mswachi wawo.