Ndapanga kapulogalamu ka nsolo, koma amalume akuti kakuba

Wokonza mafoni wa ku Mchini:

Muli bwanji nonse muno. Ine ndine wa ku Chipata, ndimakhala ku Mchini. Masana ndimakonza mafoni pa kabenchi kanga chapafupi ndi msika wa Kapata, ndipo usiku magetsi akakhalapo ndimaphunzira kulemba mapulogalamu. Patha miyezi 7 chiyambire kupanga kapulogalamu ka nsolo ka pa Android. Kali ndi mizere 4, maenje 8 pa mzere uliwonse, miyala iwiriiwiri poyamba, monga tinkasewerera kumudzi tili ana. Mutha kusewera awiri pa foni imodzi, kapena kulimbana ndi foniyo. Code yake yonse, ndiye kuti malangizo olembedwa oyendetsa pulogalamuyi, ndinaiika poyera pa GitHub, webusaiti yomwe olemba mapulogalamu amasungapo code, kuti aliyense aione, aikonze, aitenge.

Vuto langa si code ayi. Vuto langa ndi anthu, kapena ndinene kuti ine ndikulephera kuwamva.

Amene amabwera kudzakonzetsa foni ndimawaikira kapulogalamuka akafuna, ena amapatsirana okha. Tinatsegula gulupu ya WhatsApp, tilimo 43. Pa GitHub sipanabwere ngakhale mmodzi kudzalemba vuto. Zonse zimabwera pa gulupu, ndipo zambiri ndi ma voice note a usiku. Wina amangoti "sikakugwira", basi, osanena kuti kakanika pati. Wina akuti "kwathu sitisewera chonchi". Awiri anakangana mpaka 23 koloko za malamulo a kadyedwe, wachitatu n'kutuluka m'gulupu.

Chomwe chandilembetsa lero ndi amalume anga a ku Chadiza. Anabwera kudzagulitsa nsawa, atatha anadzakhala pa benchi langa kudikira galimoto. Amalumewa pa nsolo sagonja wamba, kumudzi anthu amasiya makasu kudzaonerera akamasewera pansi pa mtengo wa mango. Ndinawapatsa foni mtima uli m'mwamba. Anasewera kamodzi, kachiwiri, kachitatu. Kenako foni inayenda ulendo wake n'kuwadyera miyala 9. Anaiyang'ana kwa kanthawi, n'kuiika pansi chafufumimba pakati pa ma screwdriver anga, amvekere: "Mphwanga, kanthu kakoka kakuba. Kadya miyala yanga ine dzanja lake osaliona."

Zinandiwawa zedi. Masiku atatu ndinagona mochedwa kufufuza pomwe ndinalakwitsa kuwerenga. Ndinatenga timiyala ta m'mbali mwa msewu, kukumba maenje kuseri kwa nyumba, kubwereza ndi manja ulendo womwewo. Foni sinabe. Miyala 9 inali yoyenera kudyedwa.

Ndiye ndikufunsa inu amene munayendapo njira imeneyi. Madandaulo otere mumatani nawo? Ndiwakakamize anthu kuti azilemba pa GitHub monga zimachitikira kwina? Nanga malamulo nditsate a ndani, poti mudzi uliwonse ukuti ake ndiwo enieni?

Aphunzitsi a ku Katete:

Achimwene, choyamba zikomo pa ntchitoyi. Ine ndimaphunzitsa masamu ndipo ndimayang'anira kalabu ya chess pa sukulu yathu, ndiye nkhani yanu yandikhudza.

Bwererani ku mawu a amalume anu. Inu munamva loyamba lokha, loti kakuba, n'kuthamangira ku masamu. Koma iwo anakuuzani vuto lenileni m'mawu otsatirawo: dzanja lake osaliona. Taganizirani mmene nsolo imaseweredwera pabwalo. Munthu akatola miyala amaigwetsa umodziumodzi, mnzake maso ali pa dzanja, oonerera akuwerenga chamumtima, ena mokweza. Akafika pa dzenje lokhala ndi miyala amatolanso n'kupitiriza, mwina kanayi mwina kasanu, mpaka atagwera m'dzenje lopanda kanthu. Chilungamo cha masewerawa chili pa kuonerera kumeneko. Ndikuganiza kuti foni yanu imamaliza ulendo wonsewo m'kuphethira kwa diso, munthu n'kungoona miyala yake yasowa. Ndi munthu yemwe atachita zimenezo pabwalo, kubisa dzanja m'malaya n'kunena kuti ndadya 9, angamuthamangitse ngakhale atawerenga molondola.

Ichedwetseni. Mwala uliwonse ugwe paokha, ndi kaphokoso ngati n'kotheka, ndipo dzenje lomwe ladyedwa liwale kaye lisanakhuthulidwe. Muikenso batani loti munthu aonenso ulendo wapitawo.

Ana anga amasewera pa Lichess, webusaiti yosewererapo chess, ndipo ndaphunzirako zambiri kumeneko. Inayamba mu 2010, anaiyambitsa ndi munthu mmodzi wa ku France, Thibault Duplessis, ngati ntchito ya pambali. Mpaka lero ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, imayenda ndi zopereka za osewera, ndipo code yake ili pa GitHub ngati yanuyo. Mwana akagonja n'kubwera kwa ine akulira kuti wamuchenjerera, timakhala pansi n'kubwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe, mpaka aone yekha pomwe anataya hatchi yake. Mkangano umathera pomwepo. Chinanso, osewera ambiri kumeneko sapita ku GitHub. Ali ndi malo awo pa webusaiti yomweyo olembapo madandaulo ndi maganizo, ndipo ntchito yomasulira m'zilankhulo zosiyanasiyana imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka kudzera pa webusaiti ya omasulira yotchedwa Crowdin. Aliyense amalowera khomo lomwe angakwanitse. Ngati iwo sakakamiza osewera awo onse kulowera khomo la olemba code, inu muwakakamizirenji amalume anu?

Wa geni wa pa Mwami:

Ine za code sindizidziwa, koma ndimawoloka kupita ku Mchinji kawiri pa sabata ndipo ndimasewera mbali zonse ziwiri. Chenjerani ndi aja akuti "kwathu sitisewera chonchi", chifukwa ena mwa iwo akunena za bawo, osati nsolo. Bawo la ku Malawi lili ndi mizere 4 ya maenje 8 ngati yanuyo, miyala 64, koma lili ndi dzenje lapadera lotchedwa kuu, ndipo zomwe wadya suzitaya pambali, umazibweza m'masewera kumbali yako. Ku nsolo zomwe wadya zatuluka, zapita. Munthu wozolowera bawo akaona miyala ikuchotsedwa aziti pulogalamu yawonongeka, chonsecho ndi masewera ena. Muziwafunsa kaye kuti anaphunzirira kuti. Ndipo chonde musasakanize ziwirizi pofuna kusangalatsa onse, mudzapanga chinthu chomwe palibe mudzi udzachizindikire.

Mlongo wanu wa ku Petauke:

Achimwene, ine ndimalemba mapulogalamu ku Lusaka kuno, koma kwathu ndi ku Petauke ndipo atate anga ankasewera nsolo mpaka dzuwa kulowa. Aphunzitsi anena zoona. Ndingowonjezera za kasamalidwe ka gulupu yanuyo, chifukwa mukapanda kusamala idzakutopetsani musanamalize chaka.

GitHub isiyeni ikhale kope lanu, osati la iwo. Munthu wa bando ya K5 sangatsegule akaunti, kutsimikiza imelo, n'kulemba Chingerezi chifukwa cha nsolo. Voice note ikabwera, imvereni, kenako inuyo mutsegule issue, tsamba la pa GitHub lolembapo vuto limodzi, n'kulembamo zomwe mwamva. Mutha kulemba m'Chinyanja, palibe lamulo loletsa, n'kuika mzere umodzi wa Chingerezi pansi kuti wakunja wofuna kuthandiza amve. Dzina la munthu ndi nambala yake musaziike, pajatu pamenepo ndi poyera, dziko lonse limaona. Lembani kuti "wosewera wa ku Chadiza", zakwana.

Wa "sikakugwira" uja musamukwiyire. Sakudziwa kuti inu mukufuna kumva chiyani. Mufunseni mafunso afupi, limodzi limodzi: foni yanu ndi yanji, munadina pati, kenako chinachitika n'chiyani? Akakanika kufotokoza, atumize screenshot. Ndipo chinthu chomwe chidzakupulumutsani kwambiri: lembani nambala ya version, yosonyeza ngati pulogalamu ndi yakale kapena yatsopano, pa tsamba loyamba, yaikulu yooneka. Poti anthu akupatsirana okha foni ndi foni, ndikukutsimikizirani kuti ena akudandaula za vuto lomwe munakonza kale miyezi itatu yapitayo, kungoti ali ndi yakale.

Pa malamulo, musakhale woweruza. Mukangonena kuti a ku Chadiza ndiwo olondola, a ku Lundazi mwawataya. Lichess yomwe atchula aphunzitsi ili ndi chess ya masiku onse, komanso mitundu ina monga Chess960 ndi Antichess, iliyonse ndi dzina lake, munthu amasankha asanayambe. Anthu ena anatenganso code yomweyo n'kupanga Lidraughts ya osewera drafuti, osayamba kukangana ndi eni ake kuti asinthe yawo. Inunso malamulo omwe anthu amasiyana muwaike posankha: kuchuluka kwa maenje, kaya munthu akadya amaloledwa kutolanso dzenje lina la mnzake, zotero. Koma musaike lamulo chifukwa choti mmodzi wakuwa kwambiri pa gulupu. Pitani mukalione likuseweredwa pansi ndi anthu angapo.

Pali chitsanzo chomwe ndimachikonda. Stockfish, pulogalamu yamphamvu yosewera chess yomwe code yake ili poyera, kuyambira 2013 ili ndi njira yotchedwa Fishtest. Munthu akabwera ndi kusintha komwe akuti kuiwonjezera mphamvu, sakangana naye pakamwa. Anthu ongodzipereka amabwereketsa makompyuta awo, yatsopano ndi yakale zimaseweretsedwa masewera zikwizikwi, zotsatira n'zomwe zimagamula. Inu makompyuta otero mulibe, koma muli ndi madala a pansi pa mtengo. Amenewo ndiwo oyesa anu.

Ndayang'ananso pa GitHub panupo, laisensi palibe. Code ikakhala poyera popanda laisensi, mwalamulo anthu alibe chilolezo choitenga n'kuisintha, ngakhale inu mumtima mwalola. Sankhani imodzi. MIT imalola munthu kuchita nayo chilichonse bola asachotse dzina lanu ndi mawu a laisensiyo. GPL imati woisintha n'kuigawa naye aonetse code yake poyera. Ine pa masewera a makolo athu ndingasankhe GPL, kuti wina asadzaitseke n'kumatigulitsa tokha.

Chomaliza, ndipo ichi ambiri timachiiwala: mukakonza kanthu, bwererani kwa amene anadandaula. Jambulani voice note yanu pa gulupu, munene kuti zija ananena akuluakulu a ku Chadiza zakonzedwa, tengani yatsopano. Zomwe simudzachita nenaninso poyera, ndi chifukwa chake. Munthu akadandaula kawiri osayankhidwa, kachitatu amangofufuta pulogalamu mwakachetechete.

Wokonza mafoni wa ku Mchini:

Pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndibwere ndi zochitika osati malonjezo. Aphunzitsi, munalasa. Ulendo wonse unkatha pasanathe sekondi imodzi, chifukwa ine ndinkaona ngati kufulumira ndiko kukoma. Ndachedwetsa, mwala uliwonse ukugwa paokha ndi kaphokoso komwe ndinajambula ndekha pogwetsa mwala m'dzenje la kuseri kwa nyumba kuja. Batani loonanso ulendo ndaika. Achemwali, laisensi ya GPL ilipo tsopano, nambala ya version ili pamwamba, ndipo ndakhala pansi kumveranso ma voice note onse akale. Atuluka ma issue 11. Anayi mwa amenewa anali a anthu a bawo, monga ananenera a pa Mwami. Ndawauza mosabisa kuti bawo sindiyamba chaka chino, koma code ilipo kwa wofuna kuliyamba, ndipo ndidzamuthandiza. Mmodzi wakhumudwa, atatu amvetsa. Uja anatuluka m'gulupu ndinamuimbira foni, wabwerera.

Loweruka ndinakwera galimoto kupita ku Chadiza. Amalume ndinawapeza akusenda chimanga. Sanafune kuigwira foniyo poyamba, anati ndiigwire ndine iwo azingondiuza dzenje. Foni itayamba ulendo wake anaweramira pafupi, milomo ikuyenda, kuwerenga mwala uliwonse. Itadya, anagwedeza mutu n'kunena kuti apo yadya bwino. Kenako anailanda m'manja mwanga.

Tinasewera mpaka batire kutsala 6 peresenti, anzawo atatu ataima kumbuyo. Ndipo anandipezera cholakwika chenicheni, chomwe ine masiku atatu aja sindinachione: foni imayendetsa mwala umodzi wokhawokha pomwe ikadali ndi maenje a miyala iwiri kapena kuposa, zomwe kwawoko saloleza. Madala onse anayi anagwirizana, mmodzi mpaka anakumba maenje pompo kundionetsa ndi chala. Ndalemba ngati issue ya nambala 12.

Funso lina kwa a ku Lundazi ndi a ku Nyimba muli muno: lamulo la mwala umodzili kwanuko liliponso? Ndikufuna ndidziwe ngati ndiliike la onse kapena posankha. Amalume akubweranso mwezi wamawa ndi soya, ndipo anena kale kuti adzayamba afika pa benchi asanapite ku sikelo.