Mwana wadziwalitsa laser m'diso, ndidikire kapena ndithamangire kuchipatala?

Mayi wa anyamata awiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 9 amaseweretsa ka laser kobiriwira kokhala ngati cholembera kaja, amalume ake anamugulira mutauni, ndiye dzulo amawalitsa pagalasi kuwalako nkumubwerera m'diso. Lero akuti akamawerenga pakumabwera kadontho kakuda pakati penipeni pa mawu, koma diso silikupweteka, silinafiire olo pang'ono. Bambo ake akuti zitha zokha.

Wowotcherera:
Zimatha zimenezo mayi, ife za welding zimatipeza pafupipafupi, usiku maso ngati mwalowa mchenga koma masiku awiri basi uli bhobho.

Wa kumaso:
Achimwene izi ndi zina. Moto wa welding umapsereza pamwamba pa diso, nchifukwa chake zimawawa kenako nkupola. Laser imadutsa mpaka kumbuyo kwa diso, ku retina, kachikopa kamkati komwe kamalandira kuwala kuti tione, ndipo kumeneko kulibe mitsempha yomvera ululu, munthu amapsa osamva kanthu. Mayi kusapwetekako kusakupusitseni, pitani naye lero lomwe.

Kumeneko amuwerengetsa zilembo za pakhoma diso limodzilimodzi, amuonetsa pepala la timabokosi lotchedwa Amsler grid kuti anene ngati mizere ikukhota kapena pena pakusowa, kenako amudonthezera mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aunike mkati. Akatero aziona mwachimbuuzi kwa maola angapo, musadzidzimuke. Komwe kuli makina a OCT, ojambula mkati mwa diso, amajambulanso. Adzafunsa kuti anali patali bwanji ndi galasilo komanso anayang'ana nthawi yaitali bwanji, ndiye mufunseni mofatsa, ana akaopa kukalipiridwa amabisa. Ka laser kaja mupite nako. Asatikite diso, ndipo za mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba ayi chonde.

Wa ku Joni:
Komanso musakhulupirire zolembedwa pakasitika paja. Kabwinobwino sikayenera kudutsa 1mW (mW ndi muyeso wa mphamvu ya laser), koma tambiri totchipa timalembedwa 5mW mphamvu yake ili kutali kuposa pamenepo. Tomwe tija anamuwalitsa nato Salah kumaso pomenya penate ku Dakar mu 2022, anthu nkumangoseka.

Mayi wa anyamata awiri:
Zikomo nonse, tili ku Blantyre ndiye tikupita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Koma kadonthoko kamachoka?

Wa kumaso:
Kwa ena kamachepa pakapita masabata kapena miyezi, ena chipsera chimatsala mpaka kalekale. Adokotala akaona mkatimo ndi amene akuuzeni, ndipo akakupatsani tsiku lobwereranso musaphonye.