Vinyo wanga wa mango akuwawasa ngati viniga, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimakhala ku Salima kufupi ndi Kamuzu Road, ndipo poona kuti mango amangowolera pansi pakhomo panga chaka ndi chaka, ndinaganiza zopanga vinyo wongomwa ndi anzanga, osati wamalonda. Ndinasenda mango okupsa bwino, n'kuthira madzi owiritsa, shuga ndi yisiti wa buledi mundowa ya malita 20, ndipo poyamba thovu linkatuluka bwino. Tsopano akuwawasa, ndipo pamwamba payala kakhungu kotuwa. Shugayo ndinachita kumuimira pamzere dzuwa likuswa mtengo, mayi akunyumba sakundiyankhula bwino chifukwa ndowayo ndi imene ankatungira madzi, komanso mlamu wanga, amene wakhala nafe chiyambireni mvula osagulako ngakhale mchere, amalawako ndi kapu ndikangotuluka. Kodi ndiwonjezere shuga kapena ndingotaya?

A Phiri a ku Dwangwa: Ndakhala ndikunena pagulu lino kuti pulasitiki ndi yisiti wa buledi ndi zimene zikuwononga chakumwa m'dziko muno. Makolo athu ankafulula mumtsuko wadothi ndi chimera, ndipo palibe amene ankalira. Gulani mtsuko, achimwene, nkhani yathera pamenepo.

Nabanda: Bambo, simunatiuze kuti shuga munathira wochuluka bwanji komanso kuti ndowayo munaitseka motani. Vinyo amasanduka viniga mpweya ukamalowa, chifukwa pali tizilombo timene timasandutsa mowa kukhala asidi, ndipo tintchentche tazipatso timatibweretsa. Thovu lamphamvu likatsika, pakatha pafupifupi sabata imodzi, mumayenera kusefa ndi nsalu yoyera n'kuthira m'chigubu, kuboola chitsekero, kulowetsa kapaipi n'kumata bwino m'mbali mwake, ndipo mbali ina ya kapaipiko izimira m'botolo lamadzi kuti mpweya uzingotuluka osabwereranso.

Mayi a Tadala: Inetu sindifuna n'kumva komwe. Bambo akunyumba anatsekera vinyo wa nthochi m'mabotolo asanamalize kuwira, n'kuwabisa m'kabati yazovala. Anaphulika pakati pausiku moti anansi anatuluka ndi zibonga poganiza kuti kwabwera akuba, ndipo chitenje changa cha Mvano chikadali ndi thimbiriro mpaka lero.

Mwana wa ku Lifuwu: Mlamuyo musamunyoze, akuyesa ubwino wa katundu wanu kwaulere, ntchito imene a Malawi Bureau of Standards amalipiritsa.

Mayi Nachisale: Munthu wamkulu mukuwononga shuga amene ana akanathira m'phala, ndipo mukuulula nkhani za m'banja mwanu kwa anthu zikwizikwi. Choyamba mugulireni mkazi wanu ndowa ina.

A Phiri a ku Dwangwa: Nabanda, zamapaipi zanuzo n'zam'mabuku. Ine ndimakhala pakati pa minda ya nzimbe, shuga ndimamudziwa kuposa aliyense pano. Mtsuko umazizira wokha, pamene chigubu chanucho pa kutentha kwa ku Salima chimasanduka mphika wa pamoto.

Nabanda: Pa za kutenthazo mukunena zoona, a Phiri, pakuti yisiti amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 20 ndi 28, pamene kuno kunyanja mwezi wa Novembala timapitirira 30, choncho chigubu chizikhala m'chipinda chozizira atachikulunga ndi thumba lonyowa. Koma mowa wamasese umamwedwa usanagone masiku ambiri, pamene vinyo amakhala miyezi, ndipo mtsuko wadothi umalowetsa mpweya m'timabowo take. Yisiti wa buledi amatha ndithu, kungoti vinyo wake amachedwa kuyera. Pa malita 20 pamafunika shuga wokwana pafupifupi makilogalamu 4 kuti mphamvu ifike cha m'ma 12 peresenti, ndipo akachepa kwambiri vinyo amakhala wofooka n'kusasa msanga.

A Phiri a ku Dwangwa: Ndiye mukufuna kundiphunzitsa ine za shuga? Achimwene, ngati mtsuko simukuufuna, tchezani zimenezo mupeze kachasu.

Che Mdala a ku Chipoka: Zimenezo ayi, musayese. Kutcheza kopanda luso kwavulaza anthu ambiri, komanso mu viniga mulibe mowa woti mutcheze, ndipo kuwonjezera shuga sikungamubwezere kukhala vinyo. Musefeni muzithira pa tchipisi. Ulendo wina mudzayese bwemba kapena chidede, chifukwa mango amavuta kusefa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, ngakhale kuti mawu ena andipweteka. Mlamu uja wawerenga zonsezi pafoni ya mlongo wake ndipo wakana kudya nafe nsima. A Nabanda, kapaipi kamene mukunenako ndingakapeze m'sitolo ya zipangizo zomangira?

Nabanda: Mungakapeze, funsani kapaipi kowonekera mkati kamene amisili amayezera levulo. Koma simunandiyankhebe za shuga ndi chivundikiro chija.

A Phiri a ku Dwangwa: Mtsuko sufuna paipi.