Ndigule makina ati ojambulira mawu a kunyanja ndi kutchire?

Abale ndi alongo, ndigawireni nzeru. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikudzuka m'bandakucha kupita kugombe kuno ku Nkhotakota kukajambula kulira kwa nkhwazi, mafunde, ndi mawu a asodzi akamakocheza mabwato. Ndimagwiritsa ntchito foni, koma yandigwiritsa mwala. Tsiku lina nkhwazi inalira pamtengo pafupi nane, mtima wanga n'kudzaza chimwemwe. Nditakamvetsera kunyumba, munangomveka mphepo ya mwera yokhayokha. Zinandipweteka kwambiri.

Ndalama zanga n'zochepa, choncho maso anga ali pa makina awiri ojambulira mawu, Zoom H1n ndi Tascam DR-05X. Onsewa ndi okwana m'thumba ndipo amasunga mawu a WAV (mtundu wa fayilo ya mawu) pa kakhadi ka microSD. Zoom imalira mabatire awiri a AAA, pomwe Tascam imalira a AA, amene savuta kupeza ngakhale m'maokala akumudzi.

Nkhawa yanga yayikulu ndi kaphokoso ka "sss" kamene makina otchipa amatulutsa ukakweza gain (mphamvu yokokera mawu) pamalo pali zii. Ndikufunanso kujambula achule ndi nkhululu usiku kudambo, ndiye inu amene munayeserapo, kaphokosoko kamamveka kwambiri pa makina ati? Kodi timaikolofoni tapadera tolumikiza pabowo la 3.5mm timathandizadi?

Nanga potchinga mphepo, siponji yokha ingakwane? Ndimaganiza zogula nsalu yaubweya pakaunjika kuti atelala andisokere kachipewa kake. Alipo anachitapo zimenezi mawu osatsamwa?